Chowengera Zikhadabo cha Ulusi Wofiira

Ine, amene dzina langa la pa chitupa lalembedwa pamwambapa koma anthu onse amanditchula kuti Mzati, wa zaka 63, wokhala m'nyumba ya khonde lobiriwira kuseri kwa chipatala chaching'ono, wokonza magetsi wopuma ntchito, ndachenjezedwa kuti kunama pa umboni ndi mlandu, ndipo ndikunena izi:

Mayi amene akupikisana nawo pa mpando wa uphungu m'dera lathu, amene nkhope yawo yamatidwa m'misewu monsemu, ndi akazi anga. Takhala m'banja zaka zoposa makumi atatu. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, anakwatiwa kutali. Wapolisi wandionetsa kajumbo komata bwino, kolembedwa nambala, ndipo m'katimo muli chowengera zikhadabo chomangidwa ulusi wofiira. Ndachizindikira. Ndinagula ndine, kwa wogulitsa tinthu pa depoti ya mabasi. Ulusiwo anamanga ndi akazi anga kuti chisamasowe m'chikwama.

Ndinachigula chaka chimene ndinagwa pa makwerero ndikulumikiza mawaya. Madokotala anandiika chitsulo kumsana. Chiyambire pamenepo sindiwerama, ngakhale pamaso pa bwana, ndipo dzina la Mzati linachokera pomwepo. Mapazi anga ndimawaona, koma sindiwafikira.

Choncho kawiri pa mwezi, Lamlungu masana, akazi anga ankafunditsa madzi n'kuthira m'beseni, kutulutsa kampando pakhonde, kuyala thawulo lakale pamiyendo pawo, n'kunyamula phazi langa. Ankayambira lamanja. Nthawi zonse ankati zikhadabo zanga sizifunika chowengera, zimafunika sowo. Nkhani zonse za banja lathu zinkakambidwa pamenepo, chifukwa munthu amene wakugwira chala chachikulu, chitsulo chili m'manja, sumutsutsa kwambiri. Sukulu ya mwana tinaisankha pa phazi lamanja. Mkamwini ndinamuvomereza pa phazi lamanzere, chala chaching'ono, nditakhetsa magazi pang'ono.

Akazi anga anali mzamba pa chipatala chomwechi mpaka atapuma ntchito. Theka la anthu ovota m'dera lathu anawaona koyamba ali chadodolido, akulira pobadwa. Chipinda chochilira pamenepo chili ndi mabedi awiri. Mpopi wake unauma kalekale. Kuseri kwake kuli malo amene anasungidwa kuti padzamangidwe wodi ya amayi, ndipo pakali pano pamamera udzu wabwino kwambiri.

Chakumayambiriro kwa chaka chino, tili pa phazi lamanzere, anandiuza kuti azimayi akuwapempha kuti ayime pa chisankho. Ndinawafunsa kuti ndalama zake tizitenga kuti. Anati sizifunikanso zambiri, chifukwa kwabwera lamulo latsopano. Lamulolo ndinali nditalimva pa wailesi. Limati wopikisana nawo asapatse wovota kanthu kalikonse, kakakulu kapena kakang'ono, ndipo aulule aliyense amene wamupatsa ndalama. Akazi anga anati tsopano wosauka ndi wolemera ayambira pa mzere umodzi. Ndinaona kuti chitsulo chili pafupi ndi mnofu, ndipo ndinavomera.

Masabata oyamba kampeni inali m'nyumba mwathu. Misonkhano inkachitikira pabalaza, ena atakhala pansi, ena atatsamira kabati. Aneba ankabwera ndi makapu awo. Ine ndinamanga chimkuzamawu pa wilibala, batire ya galimoto pansi pake, ndipo ndinkaikankha ndekha popeza kukankha sikufuna kuwerama kwambiri. Tinkabwerako dzuwa likulowa, iwo mawu atasasa, ine manja atatupa. Lamlungu madzi ankafundabe.

Tsiku lina m'mawa panafika galimoto yakuda, yaitali kuposa mpanda wathu. Munatsika bambo amene anthu amawatchula kuti Bwana Malole, mwini malole onse onyamula katundu kuno ndi nyumba zitatu zosungiramo katundu. Anakhala pa mpando wanga osafunsa. Anati ana awo awiri anabadwira m'manja mwa akazi anga ndipo iwo ndi munthu wosaiwala. Akazi anga anawauza za lamulo. Bwana Malole anati lamulolo amalikonda kwambiri, analiwerenga lonse ndi maloya awo, ndipo palibe pamene likuletsa munthu kukonda anthu. Anati iwo sapereka ndalama kwa wopikisana nawo. Amangobwereketsa magalimoto, amangobwereketsa nyumba, ndipo akafuna kugawa ndowa amagawa ngati wakufuna kwabwino, osati ngati wandale. Ndinawafunsa kuti iwo apindulapo chiyani. Anadzuka, kupita pa zenera, n'kuyang'ana udzu wa kuseri kwa chipatala. Anati malo amenewo ndi abwino, lole ikhoza kutembenukirapo osavuta. Kenako anati: "Zimenezo tidzakambirana tikapambana, achimwene."

Akazi anga anakana. Sabata yotsatira, mnzawo wopikisana naye anachititsa msonkhano wa zimkuzamawu khumi ndi oyimba, pa bwalo limene ife tinali titaimikapo wilibala. Anthu athu anapita kukaona kaye. Sanabwerere. Ine ndi akazi anga tinatsala ndi azimayi ochepa ndi galu. Ndinakankha wilibala kubwerera kunyumba. Pasanathe masiku ambiri, galimoto yakuda inabweranso, ndipo ulendo uno sinabwerere yopanda munthu.

Akazi anga anati akupita ku nyumba ya kampeni kwa masabata awiri okha. Anatenga sutikesi yaing'ono ndi chikwama cha m'manja. Chowengera chinali m'chikwamamo monga mwa nthawi zonse. Ndinakumbukira galimoto itakhota kale.

Kumeneko anawapatsa bambo woyendetsa kampeni amene ine ndimamutchula kuti Wamafoni Atatu. Foni ya akazi anga inakhala yachinayi. Ndikaimba ankayankha ndi iye. Ankati Amayi ali mu msonkhano, Amayi akupuma, Amayi ali pa wailesi, tsegulani muwamve. Ndinkatsegula. Kale amene tinkawatchula kuti Amayi tinali awiri, ine ndi mwana wathu. Tsopano ndi dera lonse, kuphatikizapo madoda ena aakulu kuposa iwo.

Ndinapitako kamodzi ku nyumbayo. Ili ndi mpanda wautali ndi geti lachitsulo. Ndinauza mlonda kuti ndine mwamuna wawo. Anati onse amabwera ndi nkhani, ndine wachitatu tsiku limenelo. Anandipatsa tisheti ya nkhope ya akazi anga, kuchokera kwa akufuna kwabwino, n'kutseka geti. Wamafoni Atatu atamva, anandiimbira n'kupepesa. Anandifotokozera kuti akatswiri awo anaunika nkhani yanga ndipo anapeza kuti sindikuwonjezera mavoti. Anati munthu wosawerama pa nsanja amaoneka wamwano. Tsiku lotsatira lole inabweretsa firiji yatsopano kunyumba. Ndimasungamo madzi.

Chithunzi chimene anamata pa mtengo wa magetsi woyang'anana ndi zenera lathu anachikonza. Anachotsa imvi, anachotsa kachipsera ka pachibwano, anatseka mpata wa m'mano. Mayi wa pachithunzipo ndi wokongola, koma sindinadyepo naye. Mvula itamatula ngodya ina, ndinapita ndi guluu n'kumatanso.

Masabata awiri aja anakwana miyezi itatu. Zikhadabo sizidziwa za kampeni. Zinayamba ndi masokosi, kenako zinang'amba nsalu ya pabedi, kenako nsapato zinakana. Ndinayamba kuyenda ndi masilipasi, ndi kutchalitchi komwe. Mayi a nyumba yoyandikana nafe anaona, ndipo anati angathe kundithandiza. Ndinathokoza, ndinawauza kuti mwini wake ali pafupi kubwera.

Lachinayi la sabata yatha ndinamva kuti kuli msonkhano pa bwalo la sukulu, ndipo ukatha Amayi apereka moni wa m'manja kwa aliyense. Ndinafika cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndinavala malaya oyera. Ndinamvetsera zolankhula zonse. Za chipinda chochilira anazitchula kamodzi, mwachidule. Za msewu wodutsa malole anazitchula katatu, akuwerenga pa pepala.

Msonkhano utatha anamanga chingwe pakati pa bwalo. Mbali ino kunali akazi anga, opanda kanthu m'manja, monga mwa lamulo. Mbali inayo, mwina mamita makumi awiri kuchokera pamene anaima, kunali lole ya Bwana Malole yodzaza ndowa ndi maambulera. Munthu ankagwira dzanja la Amayi, kudutsa pansi pa chingwe, n'kulandira ndowa kwa akufuna kwabwino. Ine sindikanatha kudutsa pansi pa chingwe, ndipo ndowa ndili nazo. Ndinalowa pa mzere.

Ndinaima pafupifupi maola awiri. Mayi wina kutsogolo kwanga anandifunsa ngati ndikuwadziwa Amayiwa. Ndinati pang'ono. Anati dzulo lake analandiranso ndowa ku msonkhano wa winayo, ndipo lole yake inali yomweyi, anangosintha nsalu ya pambali. Anati iye alibe nazo ntchito, ndowa ilibe chipani ikadzaza madzi.

Nditafika kutsogolo, akazi anga anandigwira dzanja maso ali kwa munthu wa kumbuyo kwanga. Anati: "Zikomo bambo, musaiwale." Mawu amenewa ankauza aliyense. Sindinasiye dzanjalo. Anayang'ana pansi, ndikuganiza kuti pofuna kuona chimene chaimitsa mzere. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza maso.

Anati: "Abambo, mapazi awa mwawatani?"

Ndinati: "Akudikira chitukuko."

Sanaseke. Anatsegula chikwama, kufufuza pansi pa mapepala, n'kutulutsa chowengera pochikoka ndi ulusi. Anatembenuka n'kugwira mpando wapulasitiki umene unali kumbuyo kwawo. Anandiuza kuti ndikhale. Iwo anayamba kupinda nsalu yawo kuti agwade. Pamenepo Wamafoni Atatu anafika, foni imodzi ili kukhutu, n'kuwagwira chigongono. Anati Bwana Malole ndi anzawo amalonda akudikira ku nkhomaliro, ndipo makamera akuona. Anachotsa mpando uja ndi mwendo.

Akazi anga anaika chowengeracho m'dzanja langa n'kupinda zala zanga pamwamba pake. Anati: "Sungani. Musapatse munthu wina. Ndibwera Lamlungu."

Nthawi imeneyo ndi pamene bambo wina wa kamera anajambula chithunzi chimene wapolisi wandionetsa. Ndikutsimikiza kuti dzanja lolandira ndi langa ndipo dzanja lopereka ndi la akazi anga. Ndikutsimikizanso kuti zinthu zobiriwira zimene zikuoneka mwachimbuuzi kumbuyo kwa mapewa athu ndi ndowa. Wapolisi wandiuza kuti ndowazo sizili m'mlandu uno.

Lachisanu m'mawa chithunzicho chinali m'mafoni a aliyense. Masana apolisi awiri anabwera kunyumba n'kutenga chowengeracho. Ndinawauza kuti ndinalamulidwa kuti ndisapatse munthu wina. Anati boma si munthu wina.

Loweruka ndinalandira alendo awiri. Woyamba anabwera m'mawa, bambo wa suti yotuwa, wochokera kwa mnzawo wopikisana ndi akazi anga. Anandichitira ulemu kwambiri, ananditchula kuti malume. Anati akudziwa kuti ndikuvutika ndekha. Anati nkhaniyi ndi yophweka: ndingonena ku polisi kuti popereka chinthucho Amayi anati ndiwavotere. Ndikatero dzina lawo lichotsedwa pa chisankho, sadzamangidwa, adzangolipira chindapusa chimene akufuna kwabwino angathandize. Kenako anati: "Malume, Amayi abwerera m'nyumba muno sabata yomwe ino."

Ndinamupempha kuti abwereze. Anabwereza. Ndinamufunsa kuti tsiku liti. Anati mwina Lachisanu. Ndinamuthirira tiyi wachiwiri. Ndinatuluka pakhonde, ndinaona kuti kampando kali pamalo pake, mwendo umodzi ukugwedera. Ndinabwerera m'nyumba n'kumuuza kuti ndiganiza. Pochoka anaiwala thumba la shuga pa tebulo. Ndinamuthamangira nalo momwe ndingathere m'masilipasi, koma anati si lake. Ndabwera nalo, lili pa kauntala.

Wachiwiri anabwera masana, Wamafoni Atatu. Aka kanali koyamba kuponda pakhomo pathu. Anabwera ndi mayi wa ku saluni atanyamula bokosi la zipangizo. Anati ndinene kuti Amayi sanandipatse kanthu, chithunzicho n'chopanga pa kompyuta. Ndinamukumbutsa kuti chinthucho chili kale ku polisi m'kajumbo. Anati ndiye ndinene kuti chinagwa pansi ine n'kutola. Ndinamufunsa ngati anandionapo ndikutola chinthu pansi. Anayankha foni. Atamaliza anati mulimonsemo mapazi amenewa sangaoneke pa kamera, mayiyu awakonze. Mayi wa ku saluni anali atatsegula kale bokosi. Ndinamuuza kuti iye alibe mlandu, koma mapaziwa ali ndi mwini wake. Anayang'ana mapazi, anayang'ana ine, n'kutseka bokosi. Ndikuganiza kuti mtima wake unakhala pansi.

Ndikufuna zilembedwe kuti magalimoto a alendo awiriwa anali a mtundu umodzi, ndipo onse anali ndi dzina la kampani ya Bwana Malole pa chitseko.

Lamlungu ndinafunditsa madzi cha m'ma 2 koloko masana. Ndinayala thawulo pa kampando, nditakhoma mwendo uja. Madzi atazizira ndinafunditsanso. Cha m'ma 4 koloko foni inalira, nambala yachilendo. Anali akazi anga. Anati abwereka foni ya wophika, ali kuseri kwa khitchini. Anati maloya awaletsa kuonana ndi mboni, ndipo mboniyo ndine. Anafunsa ngati ndikumwa mankhwala. Ndinati inde. Anafunsa ngati ndikudya. Ndinati firiji ndi yodzaza.

Ndinawauza zimene bambo wa suti yotuwa ananena. Ndinamva mapoto akulira. Kenako anati: "Mukanena kuti ndinakugulani, sindikwiya. Ndatopa, Abambo."

Ndinawafunsa za malo a kuseri kwa chipatala. Anati pepala lolonjeza malowo kwa Bwana Malole awabweretsera kawiri kuti asayine, ndipo kawiri konse anaiwala magalasi. Anati magalasi angathe kuwaiwala mpaka tsiku lovota, koma akachoka iwo, winayo amaona bwino popanda magalasi. Ndinamva mawu a Wamafoni Atatu akuitana Amayi. Foni inaduka. Madzi ndinathirira maluwa.

Lero m'mawa pobwera kuno ndinadutsa pa chipatala, chifukwa njira ndi yomweyo. Pa khonde la chipinda chochilira panagona mayi wina pa nsalu, mabedi onse awiri ali ndi anthu. Womudikirira anali akuchokera ku mjigo wa kusukulu, atasenza madzi m'ndowa yobiriwira.

Wapolisi wandifunsa mafunso anayi, ndipo ndikuyankha motere.

Ngati akazi anga anandipempha voti: mawu akuti "musaiwale" anawanena asanandizindikire, ndipo nthawi imeneyo m'manja mwawo munalibe kanthu. Atandizindikira sanatchule voti, chisankho kapena chipani. Anatchula mapazi ndi Lamlungu.

Ngati chinthucho ndi chamtengo wapatali: ndinachigula pa mtengo wofanana ndi wa buledi. Ndi changa. Sindikudziwa ngati munthu angagulidwe ndi katundu wake yemwe, ngakhale ndimamva kuti ndi misonkho zimatheka.

Ngati ndinapindula nacho: ayi. Ndinagona nacho usiku umodzi pansi pa pilo. Wapolisi waona yekha mapazi anga ndipo wasunthira mpando wake kumbuyo.

Ngati wina wandikakamiza kunena izi: ayi. Awiri anayesa, ndawatchula. Wachitatu anandimasula kuti ndiname, ndipo ameneyo ndiye anandivuta kwambiri kumukana.

Za amene ndidzamuvotere, lamulo likuti ndi chinsinsi changa.

Wapolisi wandiuza kuti ndi umboni umenewu mlandu ulibe miyendo. Akuti mwina autseka sabata ino, dzina la akazi anga likhalabe pa chisankho, ndipo chowengera andibwezera ndikasayina. Ndamva. Sindikusintha liwu lililonse pa zimene ndanena.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndikupempha kuti lilembedwe. Mlanduwu musafulumire kuutseka. Ngati n'kotheka upite kukhoti. Ndafunsa kwa odziwa, ndipo andiuza kuti kukhoti woimbidwa mlandu amabwera yekha, satuma munthu. Andiuza kuti mafoni onse amazimitsidwa pakhomo, ngakhale akhale anayi. Andiuza kuti woweruza amachedwa, milandu imaimitsidwa kawirikawiri, ndipo anthu amadikira m'mawa wonse pa benchi imodzi ya panja, mboni ndi oimbidwa mlandu omwe, popeza benchi ina inathyoka. Ine ndilibe kopita, ndidzabwera tsiku lililonse limene ndaitanidwa. Ndikupemphanso kuti wapolisi wosunga kajumbo aziyamba wafika nako m'mawa. Thawulo ndi beseni ndidzabwera nazo ndekha.

Umboniwu andiwerengera ndipo ndi mawu anga. Ndi zomwe ndikudziwa, zina ndikudikira.

Wasayina: Mzati (ataimirira) ______________________

Wolemba umboni: Wapolisi wa pa kauntala ______________________